Kawetedwe ka Goldfish m'Dziwe la Panja ndi Njira Zochepetsera Ndere

Anthu ambiri amene amakumba dziwe la nsomba zokongoletsa pakhomo amakumana ndi vuto lofanana. Sabata yoyamba madzi amakhala oyera, nsomba zikuoneka mpaka pansi, koma pofika sabata yachitatu madzi aja amangoti biriwiri, ndipo nsomba zimaoneka pokhapokha zikabwera pamwamba kudzadya. Mwini dziwe amakapa madzi onse, kukwecha makoma ndi burashi, n'kuthira madzi atsopano a pampopi. Pakatha masiku khumi ndere zimabwereranso, ndipo kawirikawiri nsomba ziwiri kapena zitatu zimapezeka zitafa.

Ndere zimakula ndi zinthu ziwiri, kuwala kwa dzuwa ndi chonde chosungunuka m'madzi, chomwe chimachokera ku ndowe za nsomba, chakudya chotsala ndi masamba owola. Alimi a makumba ndi chilunguni amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amathira dala manyowa m'madamu mwawo kuti madzi abiriwire, nsomba zipeze chakudya. Dziwe la goldfish limafuna zosiyana ndi zimenezo, ndipo ntchito yonse imene ili m'munsimu ndi yochepetsa chonde cholowa m'madzi, kuphimba dzuwa, ndi kudzala zomera zoti zizilanda ndere chakudya.

Zipangizo zofunika

- Khasu, fosholo, wilibala, chingwe ndi zikhomo, tepi yoyezera, levulo ndi thabwa lalitali lowongoka.
- Pepala lakuda lochindikala la pulasitiki lomwe m'masitolo amalitcha dam liner, losachepera mamilimita 0.5 kuchindikala kwake. Ngati mukufuna dziwe lomanga, konzani njerwa zootcha, simenti ndi mchenga.
- Mchenga wosefa ndi masaka akale oyala pansi pa pepalalo.
- Pampu yomiza m'madzi ndi mapaipi ake.
- Mgolo wa pulasitiki wa malita 60 mpaka 100 womwe sunasungepo mafuta kapena mankhwala, masiponji, miyala ya kwale yotsuka ndi zidutswa za njerwa zootcha.
- Kapampu ka mpweya koyendera batire kapena sola.
- Zoyezera pH (muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena laimu wambiri), ammonia ndi nitrite (poizoni wochokera ku zimene nsomba zimatulutsa), komanso choyezera kutentha kwa madzi.
- Mankhwala ochotsa klorini, omwe amapezeka kwa ogulitsa nsomba zokongoletsa.
- Ukonde wa mthunzi ngati womwe amagwiritsa ntchito kunazale, kaukonde ka m'manja, ndi ndowa ziwiri zatsopano zomwe sizidzakhudzana ndi sopo.
- Mabeseni apulasitiki odzalamo zomera, dothi la makande ndi timiyala tating'ono.

Kusankha malo ndi kukumba

1. Sankhani malo amene amalandira dzuwa kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku. Dzuwa la m'mawa ndi labwino, ndipo khoma kapena mpanda umene umatchinga dzuwa la masana umathandiza kwambiri m'miyezi ya October ndi November. Musakumbe pansi penipeni pa mtengo wa mango, jakaranda kapena bulugamu, chifukwa masamba ndi maluwa ake amagwera m'madzi n'kuwola, pamene mizu yake imatha kuboola pepala kapena kung'amba simenti.

Chenjezo: Yang'anani zomera zimene zili pafupi. Utomoni wa nkhadze umapha nsomba, chimodzimodzinso masamba a ombwe, womwe ena amautcha mthuthu, umene alimi ambiri amadzala pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Dziwe likhale kutali ndi zomera zimenezi, komanso kutali ndi dimba limene mumapoperamo mankhwala a tizilombo.

2. Yezani kukula kwa dziwe musanayambe kukumba. Goldfish zimene mumagula zili zazitali ngati chala zimakula kufika masentimita 20 kapena 30 m'dziwe, ndipo zikasamalidwa bwino zimakhala zaka zoposa khumi. Nsomba iliyonse imafuna malita osachepera 200. Kuti mudziwe kuchuluka kwa madzi, chulukitsani m'litali, m'lifupi ndi kuya kwa dziwe m'mamita, kenako muchulukitsenso ndi 1,000. Dziwe la mamita 2 m'litali, mita 1.5 m'lifupi ndi mita 0.8 kuya limapereka malita 2,400 papepala, koma mukachotsera makoma otsetsereka ndi masitepe a zomera mumatsala ndi malita pafupifupi 2,000, okwanira nsomba zisanu ndi zitatu kapena khumi zikakula.

Kuya kusachepere masentimita 60. M'madera otentha monga Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire ndi bwino kufika masentimita 80 kapena mita yathunthu, chifukwa madzi osaya amatentha msanga, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Dziwe laling'ono ndi losaya ndilo limavuta kwambiri kulisamala, choncho ngati malo ndi ndalama zilipo, kumbani lokulirapo.

3. Lembani mzere ndi chingwe ndi zikhomo, kenako kumbani. Mbali imodzi kapena ziwiri musiye sitepe lozama masentimita 25 ndi lotambalala masentimita 30, pomwe padzakhale mabeseni a zomera za m'mphepete. Mbali zotsalazo zitsike mwachindunji kuti mbalame zodya nsomba zisapeze poima. Ikani thabwa mopingasa dzenjelo ndipo muikepo levulo, kuti m'mphepete monse mukhale molingana.

Chenjezo: Mkombero wa dziwe ukwere masentimita 10 mpaka 15 kuposa nthaka yozungulira. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo mvula yoyamba ya December ikagwa, madzi othamanga amakokolola dothi, ndowe za nkhuku ndi feteleza wa pakapinga n'kuzithira m'dziwe. Mvula imodzi yotere ikwanira kudyetsa ndere mwezi wathunthu. Madzi otsika padenga la malata asalowenso m'dziwe.

4. Chotsani miyala yakuthwa ndi mizu, thirani mchenga wochindikala masentimita 5 pansi, ndipo yalani masaka m'makoma. Pogula pepala, onjezani kuya kwa dziwe kawiri pa m'litali ndi pa m'lifupi, kuphatikizapo masentimita 60 opindira m'mphepete. Dziwe la chitsanzo chathuchi lifuna pepala la mamita 4.2 ndi mamita 3.7. Liyaleni momasuka, osalikoka, ndipo muyambe kuthira madzi pang'onopang'ono uku mukuwongola makwinya. Dziwe likadzaza m'pamene mungapsinje m'mphepete ndi miyala kapena njerwa, ndipo pepala lonse loonekera pamwamba liphimbidwe kuti dzuwa lisaliumitse.

Ngati mwamanga ndi simenti, musafulumire. Simenti yatsopano imatulutsa laimu amene amakweza pH kufika pamlingo wopha nsomba. Dzazani madzi, asiyeni sabata imodzi, akapeni, ndipo mubwereze katatu kapena kanayi, kapena pakani penti yotsekera yomwe analembapo kuti ndi yoyenera maiwe a nsomba. Pitirizani ndi sitepe yotsatira pokhapokha pH ikakhazikika pansi pa 8.5.

Pakhomo pamene pali ana aang'ono, mangani mpanda wokhala ndi chitseko chotseka kapena ikani chitsulo cholukana cholimba pamwamba pa dziwe lisanadzaze madzi. Mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo, ndipo zimachitika mwakachetechete.

Madzi ndi sefa

5. Dzazani dziwe ndipo muchotse klorini. Madzi a pampopi m'mizinda amathiridwa klorini kuti akhale abwino kumwa, koma klorini yemweyo amawononga ziwalo zopumira za nsomba ndipo amapha mabakiteriya othandiza. Thirani mankhwala ochotsa klorini molingana ndi muyeso wolembedwa pabotolo. Ngati mulibe, siyani madzi masiku awiri pampu ikugwira ntchito. Madzi a pamjigo alibe klorini, koma amatuluka pansi ali ndi mpweya wochepa, choncho nawonso amafuna kuvundulidwa ndi pampu tsiku limodzi. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere omwe zomera za m'madzi sizikula nawo bwino, ndiye alaweni kaye musanadzazire dziwe lonse.

6. Konzani sefa ya mgolo. Ikani mgolo pambali pa dziwe, pamalo okwera pang'ono ndi amthunzi. Paipi yochokera ku pampu ilowe mpaka pansi pa mgolo, ndipo paipi yotulutsira, yomwe iyenera kukhala yaikulu kuposa yolowetsera, ikhale chapamwamba kuti madzi azibwerera okha m'dziwe. Pansi penipeni boolani potulutsira matope n'kuikapo mpopi. M'kati mwa mgolo muyambe ndi miyala ya kwale, pamwamba pake zidutswa za njerwa, kenako masiponji. Madzi obwerera azigwa ngati kamathithi, chifukwa kugwa kumeneko n'kumene kumalowetsa mpweya.

Pampu iyenera kuzungulitsa madzi onse a m'dziwe kamodzi pa ola limodzi kapena awiri. Pa dziwe la malita 2,000, gulani pampu ya malita 2,000 pa ola kapena kupitirira pang'ono, popeza mphamvu yake imachepa ikamakweza madzi kupita mumgolo. Pampu imagwira ntchito usana ndi usiku.

Chenjezo: Mawaya a magetsi apanja aikidwe ndi katswiri wa zamagetsi, pasoketi yotetezedwa ku mvula ndi yokhala ndi chozimitsa chodzidzimutsa magetsi akalowa m'madzi. Zimitsani pampu nthawi iliyonse musanalowetse manja m'dziwe.

7. Dikirani kuti sefa ikhwime. Apa m'pamene anthu ambiri amalephera, chifukwa madzi oyera amaoneka ngati okonzeka kale. Nsomba zimatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni. Pamiyala ndi pamasiponji a musefa pamamera mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, ndipo gulu lina la mabakiteriya limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza nsomba akakhala wochepa ndipo ndi chakudya cha zomera. Mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke mokwanira. Pa nthawiyi muziwaza kachakudya ka nsomba kotsina ndi zala ziwiri tsiku lililonse ngakhale mulibe nsomba, kuti mabakiteriya apeze chodya, ndipo muziyeza madzi kawiri pasabata. Ammonia adzakwera n'kutsika, nitrite adzatsatira chimodzimodzi, ndipo onse awiri akafika pa 0, dziwe lakonzeka. Ngati mnzanu ali ndi dziwe lakale la nsomba zathanzi, mupempheni siponji imodzi ya musefa mwake, muinyamule ili yonyowa, ndipo nthawi yodikira idzafupika.

Kudzala zomera za m'madzi

Zomera zimadzalidwa pa nthawi yodikirayi, nsomba zisanabwere, kuti zigwire mizu popanda kuzulidwa. Pamafunika mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake.

8. Yambani ndi kakombo wa m'madzi, chomera chija chokhala ndi masamba ozungulira oyandama, chomwe mizu yake anthu a kuchigwa cha Shire amaitcha nyika. Ntchito yake ndi kupereka mthunzi, ndipo cholinga chanu n'chakuti masamba oyandama aphimbe theka la dziwe kapena kupitirira pang'ono. Dzazani beseni ndi dothi la makande, ikani muzu wake mopendeka kuti nsonga yophukira ikhale kunja kwa dothi, ndipo phimbani pamwamba ndi timiyala tochindikala masentimita atatu, chifukwa goldfish zimakonda kufukula pansi. Khazikani besenilo pa njerwa zosanjikiza kuti masamba afike pamwamba pa madzi, ndipo chomeracho chikamakula muzichotsa njerwa imodziimodzi kufikira beseni litatsika masentimita 40 mpaka 60. Kakombo sakonda madzi ogwa, choncho akhale kutali ndi kamathithi ka sefa. Pa dziwe la malita 2,000, mabeseni awiri akwanira.

Chenjezo: Musasakanize manyowa, kompositi kapena feteleza m'dothi la zomera za m'dziwe. Chonde chimenecho chimasungunukira m'madzi ndipo ndere ndizo zimayamba kupindula nacho.

9. Onjezani zomera zomira. Izi ndizo zimalimbana ndi ndere mwachindunji, chifukwa zimayamwa chakudya chawo m'madzi momwemo. Hornwort, yomwe ili ndi timasamba tonga singano ndipo ilibe mizu, ndi imene ine ndimaiika patsogolo, chifukwa imakula msanga ndipo goldfish siziidya kwambiri. Mangani timitolo ta nthambi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mangirirani kamwala, n'kuponya m'madzi, timitolo tinayi kapena tisanu pa sikweya mita iliyonse. Vallisneria, udzu wa masamba aatali ngati maliboni umene umameranso m'malo osaya a m'nyanja ya Malawi, umadzalidwa mubeseni la mchenga ndi timiyala.

10. Pamasitepe paja ikani zomera za m'mphepete monga gumbwa ndi njedza, madzi akuphimba beseni masentimita 5 mpaka 15. Mizu yake imayamwa nitrate wambiri ndipo imapereka pobisala kwa tiana ta nsomba. Zikhale m'mabeseni nthawi zonse ndipo muzizigawa chaka chilichonse. Bango ndi bwino kulisiya, chifukwa mizu yake yosongoka imaboola pepala.

11. Zomera zilizonse zochokera kudambo, kumtsinje kapena kunyanja zisalowe m'dziwe tsiku lomwelo. Zitsukeni, ziikeni mubeseni lapadera kwa masabata awiri, ndipo tsiku lililonse muzichotsa nkhono, mazira ake onga phala loonekera omata kunsi kwa masamba, ndi misundu. Nkhono zina za m'madzi oima ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo, choncho pokatenga zomerazo valani nsapato zajombo ndi magolovesi.

Chenjezo: Musadzale namasupuni, ngakhale maluwa ake ndi okongola ndipo amayamwa chonde msanga. Chomerachi chinachokera ku South America ndipo chadzaza mbali zina za mtsinje wa Shire, kumene pamodzi ndi zinyalala zina za m'madzi chimasokoneza malo opangira magetsi monga Nkula ndi Tedzani. Kachidutswa kamodzi kotayidwa mungalande kakwanira kuyambitsa vutolo kumalo atsopano.

Kusankha ndi kulowetsa nsomba

12. Gulani mitundu yolimba ya thupi lalitali, monga goldfish wamba, comet ndi shubunkin. Mitundu ya thupi lozungulira ndi zipsepse zazitali, monga oranda ndi black moor, imasambira pang'onopang'ono, imalandidwa chakudya ndi zinzake ndipo imagwidwa mosavuta ndi mbalame. Nsomba yathanzi imasambira mwamphamvu, zipsepse zake zili zotambasuka, mamba ake ali osalala. Ngati m'thanki ya wogulitsa muli nsomba yakufa, kapena ina yokhala ndi timadontho toyera ngati mchere, musagulemo ngakhale imodzi. Amene akufuna kubweretsa nsomba zamoyo kuchokera kunja kwa dziko afunse kaye ku ofesi ya zausodzi za chilolezo.

13. Yambani ndi nsomba zitatu kapena zinayi zokha. Yandamitsani thumba lotseka pamadzi, pamthunzi, kwa mphindi 20 kuti kutentha kufanane. Kenako litseguleni ndipo muzithiramo kapu ya madzi a m'dziwe mphindi zisanu zilizonse, kanayi. Tulutsani nsomba ndi kaukonde ndipo madzi a m'thumba muwataye pansi. Tsiku loyamba musadyetse. Pakatha masabata atatu, ngati ammonia ndi nitrite akadali pa 0, mukhoza kuwonjezera zina ziwiri kapena zitatu. Nsomba zonse zobwera pambuyo pake ziyambe zakhala mubeseni lalikulu lapadera, lokhala ndi kapampu ka mpweya, kwa masabata awiri kapena anayi, kuti ngati zili ndi matenda aonekere kumeneko.

14. Dyetsani kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya chimene zingathe kumaliza m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Gwiritsani ntchito chakudya chogula choyandama kuti muziona chotsala n'kuchichotsa. Goldfish zimathamangira munthu aliyense woima m'mphepete ngati zili ndi njala, koma m'dziwe lokhwima zimakhala zikudya ndere, tizilombo ndi mphutsi za udzudzu tsiku lonse. Nsima yotsala, buledi ndi madeya zisalowe m'dziwe, popeza zimamwazika n'kuwola pansi. Pakhomo pasankhidwe munthu mmodzi wodyetsa, chifukwa aliyense akamaponyamo kake, nsomba zimalandira chakudya kanayi popanda wozindikira.

Kulimbana ndi ndere

15. Dziwani kaye mtundu wa vuto. Tungani madzi m'tambula yagalasi ndipo muisiye ola limodzi. Ngati pansi padikha matope ndipo madzi ayera, vuto ndi dothi lofukulidwa ndi nsomba kapena lokokoloka ndi mvula, ndipo yankho lake ndi kuwonjezera timiyala m'mabeseni ndi kukonza mkombero. Ngati madzi akhalabe obiriwira, ndi ndere zazing'ono zoyandama. Mtundu wina ndi ndere zonga ulusi zomwe zimakola zomera ndi pampu. Wachitatu ndi kandere kakafupi komata m'makoma ngati bweya, ndipo kameneka musakakweche konse, chifukwa nsomba zimakadya ndipo kamathandiza kuyeretsa madzi.

16. Madzi akabiriwira m'dziwe latsopano, musawakape. Zimenezi zimachitika pafupifupi m'dziwe lililonse m'miyezi yoyamba, chifukwa zomera zimakhala zisanakule mokwanira kuti zipikisane ndi ndere. Mukakapa madzi onse mumapha mabakiteriya a sefa, mumadzidzimutsa nsomba, ndipo madzi atsopanowo amabiriwiranso chifukwa chimene chinayambitsa vutolo chikadalipo. M'malo mwake chitani izi kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi: chepetsani chakudya ndi theka, tambasulani ukonde wa mthunzi pamwamba pa theka la dziwe, utalikirane ndi madzi mita imodzi kuti mphepo izidutsa, onjezani timitolo ta hornwort, ndipo muzichotsa masamba ogwa tsiku lililonse. Kawirikawiri madzi amayera mwadzidzidzi, m'masiku ochepa, zomera zikangoyamba kukula mwamphamvu.

Madzi obiriwira paokha sapha nsomba masana. Choopsa chimabwera usiku, pamene ndere ndi zomera zonse zimasiya kutulutsa mpweya n'kuyamba kuugwiritsa ntchito. Mpweya umachepetsetsa m'bandakucha, ndipo mukapeza nsomba zili pamwamba zikuyasamula kukamwa pa nthawi imeneyo, yatsani kapampu ka mpweya msanga, sinthani gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi, ndipo tsikulo musadyetse.

17. Ngati mukufuna madzi oyera mofulumira ndipo ndalama zilipo, ikani nyali ya UV pakati pa pampu ndi sefa. Madzi akamadutsa m'kati mwake, kuwala kwake kumapha ndere zoyandama, zomwe zimaundana n'kukodwa m'masiponji, ndipo dziwe limayera m'sabata imodzi kapena ziwiri. Gulani yolingana ndi malita a dziwe lanu, musinthe babu lake chaka chilichonse ngakhale likuyakabe, ndipo musaliyang'ane likuyaka lili kunja kwa chikuto chake. Dziwani kuti nyaliyi siichotsa chonde m'madzi, ndipo ndere za ulusi siizikhudza. Ndi chifukwa chake ena akaika UV amadabwa kuona ndere za ulusi zikuchuluka: chakudya chimene ndere zoyandama zinkadya chatsalira izo.

18. Ndere za ulusi zimachotsedwa ndi manja. Lowetsani kansungwi kokhakhala ndipo mukazungulitse kuti ulusi ukulungike, kenako mukoke pang'onopang'ono. Siyani muluwo m'mphepete usiku umodzi kuti tizilombo tothandiza tibwerere m'madzi, m'mawa mukautaye pakompositi. Muzichita zimenezi sabata iliyonse osadikira kuti zichuluke.

Chenjezo: Mankhwala opha ndere ndi osafunika m'dziwe la pakhomo. Ambiri amakhala ndi kopa, yemwe amavulaza nsomba ndi zomera muyeso ukalakwika, ndipo ndere zambiri zikafa nthawi imodzi zimawola n'kumaliza mpweya. Jiki ndi klorini wothira m'madzi akumwa asayandikire dziwe.

19. Sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse, chotsani malita 10 mpaka 20 pa malita 100 alionse, mukukoka ndi paipi kuchokera pansi pomwe pamadikha zinyalala, ndipo mubwezeretse ndi madzi opanda klorini. Madzi ochotsedwawo ndi abwino kuthirira ndiwo zamasamba. Tsegulani mpopi wa pansi pa mgolo kuti matope atuluke, ndipo masiponji muwafinye m'ndowa ya madzi a m'dziwe. Musawatsuke pampopi kapena ndi sopo, ndipo miyala ya musefa musaitsuke yonse tsiku limodzi. Masamba achikasu a kakombo aduleni asanawole, ndipo hornwort ikachuluka muchotseko gawo limodzi mwa magawo atatu, popeza chomera chilichonse chotuluka m'dziwe chimatuluka ndi chonde chimene chinayamwa. Madzi abwino amakhala ndi pH ya pakati pa 7 ndi 8.

Nyengo, magetsi ndi adani a nsomba

Goldfish zimasangalala m'madzi a madigiri 18 mpaka 24. M'chilimwe madzi akafika madigiri 28, onjezani mthunzi, kapampu ka mpweya kazigwira ntchito usiku wonse, ndipo muzidyetsa m'mawa mokha. M'miyezi ya June ndi July, makamaka kumalo okwera monga Dedza ndi Mzuzu, nsomba zimachepetsa kudya, inunso muchepetse. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain, kumene madzi amazizira kwambiri, asiye kudyetsa madzi akatsika pansi pa madigiri 10. Pamwamba pakaundana, asamenye ayezi ndi hamala chifukwa kugunda kwake kumavulaza nsomba, koma akhazikepo poto wa madzi otentha kuti pasungunuke bowo.

Magetsi akathima, yatsani kapampu ka batire ndipo musadyetse. Akathima kupitirira theka la tsiku, madzi okhala mumgolo amayamba kununkha, choncho atayeni kudimba kudzera pampopi wapansi musanayatsenso pampu.

Akakowa, anantchengwa, amphaka ndi ng'azi zimadya nsomba za m'dziwe. Ikani zidutswa za paipi yaikulu kapena miphika yogoneka pansi kuti nsomba zipeze pobisala, ndipo vuto likapitirira tambasulani ukonde wolimba pamwamba. Neti ya udzudzu isagwiritsidwe ntchito imeneyi, chifukwa mankhwala amene amanyikamo maneti ndi poizoni woopsa kwa nsomba.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuika nsomba tsiku lomwelo limene dziwe ladzazidwa ndi chimene chimapha nsomba zambiri kuposa matenda. Zizindikiro zake ndi nsomba zofooka, zokhala pansi zitapinda zipsepse, zina zili ndi mizere yofiira kumchira. Ngati mwalakwitsa kale, musadyetse masiku awiri, muzisintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi tsiku lililonse, ndipo muziyeza kufikira ammonia ndi nitrite atatsika.

Kuzimitsa pampu usiku pofuna kusunga magetsi kumachotsa mpweya pa nthawi yomwe ukufunika koposa. Ngati n'kofunika kuzimitsa, chitani zimenezo masana kwa maola ochepa.

Ena amathira mchere m'dziwe lonse pofuna kuchiza nsomba imodzi, n'kupha nazo zomera. Nsomba yodwala ichotsedwe ikachizidwe mubeseni lapadera lokhala ndi mpweya, momwe mchere wa magalamu atatu pa lita imodzi umathandiza pa zilonda zazing'ono ndi tizilombo tina ta pakhungu.

Kusakaniza goldfish ndi milamba kapena makumba kumathera pa goldfish kudyedwa kapena zomera kuzulidwa. Koi, nsomba zina zokongoletsa zofanana ndi goldfish, nazonso zimakula kupitirira theka la mita ndipo zimafuna dziwe lalikulu kwambiri kuposa limene tafotokozali.

Cholakwika chomaliza chimaonekera pakatha chaka kapena ziwiri. Nyengo ikayamba kufunda, goldfish zimathamangitsana m'mawa n'kuikira mazira omata pazomera, omwe amaswa pasanathe sabata. Tiana take timakhala todera ndipo timasanduka mtundu pakatha miyezi ingapo, choncho mwini dziwe amazindikira mochedwa kuti nsomba khumi zija zafika makumi atatu, ndipo ndere zabwerera chifukwa ndowe zachuluka. Werengani nsomba zanu kawiri pachaka, ndipo zopitirira muyeso muzipereke kwa ena amene ali ndi maiwe otsekeka. Musazitaye mumtsinje, mudamu kapena m'ngalande. Goldfish ndi zam'banja limodzi ndi nsomba zotchedwa carp, zimafukula pansi, zimadya mazira a nsomba zina ndipo zimaswana msanga, pamene mitsinje yambiri ya m'dziko muno imathira m'nyanja ya Malawi, momwe muli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Pa chifukwa chomwechi, paipi yotulutsa madzi osefukira m'nyengo ya mvula ikhale ndi kasefa ka mabowo aang'ono ndipo izithira m'dimba, kuti mazira ndi tiana tisapite ndi madzi.